Kapinga wa Kuseri kwa Nyumba

Pamzere wa m'sitolo ya zaulimi, mayi wina woyeza nthaka anafunsa bambo wachikulire amene ananyamula khasu latsopano.

"Mukukalima chiyani, bambo?"

"Ndikukazula kapinga amene anadzala malemu mayi akunyumba. Ana ali kutali, kutchetcha ndekha kwanditopetsa."

"Musazule. Udzu umakoka kaboni mumpweya n'kumutsitsira kumizu. Mizu ikafa, wina amatsalira m'dothi zaka zambiri. Mukatembenuza dothilo, amathawa."

"Mpweya uti? Umene timatulutsa popumawu?"

"Womwewo."

"Malemuwo ankakhala pakapingapo tsiku lililonse, kumangondilongololera."

"Ndiye mwina mpweya wawo, pang'ono pokha, ulipo pansipo."

"Zovala ndi mbale zawo abale anagawana zonse. Zapansizo sanazione. Basi, ndizingotchetcha."