Nyemba Zoyera za ku Castelvaro

Mzinda wa Castelvaro unalibe mfumu, ndipo eni ake ankanyada nazo mpaka kutopetsa alendo. Nkhani zikuluzikulu ankagamula poponya nyemba mumtsuko: yakuda kuvomera, yoyera kukana. Tsiku limeneli akuluakulu ankakumana kuti aone ngati mzinda uperekedwe kwa Ugolotto, mkulu wankhondo amene anazinga zipata, ndipo a Baldovino, nkhalamba yosamva zamunthu, analawirira kwa alamu awo a Ghino, osunga nyembazo.

"Alamu, tulutsani zoyera zija. Lero timukana nkhosa zikuona!"

"Zoyera palibe," anatero a Ghino, akutsuka mphika.

"Palibe bwanji?"

"Si munati ndizibise poti anthu a Ugolotto sangazipeze?"

"Eya, ndinatero. Ndiye zili kuti?"

"Sangazipeze."

A Baldovino anagogoda pansi ndi ndodo. "Alamu, makolo athu anathamangitsa mfumu ndi nyemba zimenezi. Tinayamba ndi kuumba njerwa, tinagulitsa nsalu zaubweya mpaka kutsidya kwa nyanja, tinamanga nsanja zoti mukayang'ana chipewa chimagwa. Zonsezo nyemba!"

"N'chifukwa chake zinavuta kupsa. Zinali zakalekale."

"Kupsa?"

"Ndinaganiza pansi pa bedi, koma akuba amayambira pomwepo. Ndinaganiza kutchalitchi, koma wansembe ndi msuweni wa Ugolotto. Ndiye ndinati m'mimba mokha ndi mmene munthu sangapisemo dzanja."

"Mayo ine! Mwadya ufulu wa mzinda?"

"Ine ayi. Nyemba zimanditupitsa."

"Nanga wadya ndani? Nditchulireni mdani ameneyo, apachikidwe pansanja!"

"Ndi amene anabwera dzulo n'kunena kuti supu wakoma, aonjezere."

A Baldovino anagwira pamimba pawo. Mantha anawagwira, chifukwa anaonjezeradi kawiri, n'kupukuta mbale ndi buledi.

"Tigule zina kumsika!"

"Chizingireni zipata, kumsika kwatsala anyezi basi. Bwanji tiponye timiyala toyera?"

"Timiyala? Lamulo likuti nyemba! Ine sindinaphwanyepo lamulo chibadwire."

"Ndiye tipake zakudazi laimu."

"Chimenecho ndi chinyengo!"

"Chabwino. Aliyense aponya yakuda, Ugolotto alowa, nkhani yatha."

Belu loitanira akuluakulu kubwalo linayamba kulira. A Baldovino anakhala pampando motaya mtima, misozi ikulengeza. Ankaukondadi mzinda umenewu, ngakhale kuti theka la nsanja zake linali litagwa kale chifukwa cha ndewu za eni ake omwe, ndipo zina mwa ndewuzo anaziputa ndi iwo.

"Ndikauze chiyani anzanga? Tengani thumba la zakudazo tizipita, ndikafe ndi manyazi."

A Ghino anakanda m'mutu. "Zakudazo muzifuna zonyowa?"

"Zonyowa bwanji?"

"Ndinaziviika usiku. Ndinaona kuti zoyera munazikonda, ndiye ndinati lero mulaweko zinazi. Koma poti kuphika nyemba za mzinda ndi mlandu wopachikidwa nawo, ndizianika."

"Dikirani." A Baldovino anadzuka pang'onopang'ono. "Popanda zakuda, angavomere ndi chiyani?"

"Palibe."

"Ndiye Ugolotto azingodikira panja?"

"Mpaka nyemba zina zitabereka."

A Baldovino anaponya ndodo uko, n'kugwada pamoto ndi kuyamba kuuzira, masaya ali tutumu.

"Mwaimiranji, alamu? Dulani anyezi msanga! Ndipo munditengere mbale yaikulu ija, lero ndifera mzinda wanga!"