Miyendo Yatsopano ya Pikapu ya Malemu

Ukwati wa Ipyana unali mawa lake, ndipo bambo ake, a Ambokile a ku Iponga, anali atalumbira kuti mwana wawo akafika kutchalitchi pa pikapu yakalekale ya malemu agogo ake. Anagula miyendo yakutsogolo ku Kyela, yoti tayala lililonse lizinjanja palokha, n'kuipereka kwa mlamu wawo wowotcherera zitsulo, a Gregory, munthu amene ukamutuma mchere amabweretsa mchere basi, ngakhale aone nyumba ikupsa.

"Alamu, yatha?" anafunsa a Ambokile.

"Ena, inde, yatha. Miyendo yalowa, tchesisi, chitsulo chapansi chonyamula galimoto yonse, ndalimbitsa."

"Kulimbitsa chiyani? Chitsulo cha makedzana sichifuna thandizo!"

A Gregory analowetsa chala pabowo la dzimbiri kumbuyo. "Kutsogolo kunali mabowo otere. Miyendo yatsopanoyi imakankha malo amodzi. Tchesisi ikanathyoka pa bampu yoyamba."

"Amenewo ndi mazenera. Karonga kumatentha."

"Mazenerawo ndatseka."

"Ndi chiyani? Ndinakuletsani kugula zitsulo zamasiku ano!"

"Sindinagule. Munati ngati ndaumirira, nditenge chitsulo cholimba chapakhomo panu."

A Ambokile anawerama n'kusuzumira pansi. "Mwe! Utoto wobiriwirawu ndikuudziwa."

"Ndi geti lanu."

"Geti langa? Akazi anga ndawakalipira sabata yonse kuti alibwereketsa!"

"Silinakwane, ndiye mbali inayo ndi pulawo."

"Pulawo! Mpunga ndilima ndi mano?"

"Za mpunga simunanene, alamu."

A Ambokile anavula chipewa, anachiyang'ana, anachivalanso. Mtima unawawa ndithu, koma mwana ndi mwana. "Chabwino. Ilizeni ndimve."

"Siingalire."

"Chifukwa?"

"Injini ili apo pansi pa mtengo wa mango. Ndinaitsitsa kuti ndiwotcherere bwino."

"Ndiye ibwezereni!"

"Pomwe imakhala padutsa chitsulo chopingasa. Kuti ikwanenso, mpaka Lachitatu."

"Ukwati ndi mawa!"

"Ndikudziwa. Suti ndasita kale."

"Nanga bwanji munati yatha?"

"Munandituma miyendo ndi tchesisi. Zimenezo zatha. Kwerani mudumphe muone."

A Ambokile anakwera pabampala ndi ukali wonse, n'kudumpha kuti ithyoke awine mlandu. Pikapu inangonjanja mofewa ngati matiresi atsopano. Anatsika ali wefuwefu.

"Basi! Ipyana akwera ngolo. Tiyala zitenje, ng'ombe tizimangirira maluwa. Amayi ake anakwera yomweyo."

A Gregory anakanda kumutu. "Chopingasa chija, alamu..."

"Musanene."

"Ndi chitsulo chokokera ngolo. Cholimba kwambiri pakhomo panu chinali chimenecho."

A Ambokile anakhala pansi, pafumbi pomwepo. Mawu anatuluka aang'ono. "Ndiye mwana wanga ndimuuza kuti akwera chiyani?"

"Pikapu ya agogo ake, monga munalumbirira," anatero a Gregory, akupukuta manja modekha. "Ng'ombe zanu zoikoka sindinazidule."