Bambo Dyton Pitala ndi Thobwa la ku Kalembo

Malemu bambo Dyton Pitala anabadwa pa 9 Malichi 1972 kufupi ndi Ntaja, m'boma la Machinga, m'banja la alimi amene makolo awo anachokera ku Mozambiki. Sukulu ya pulayimale anaphunzira konko, ya sekondale anaimalizira kuno ku Balaka mu 1992. Mu 1997 anamanga banja ndi mayi Gladys, amene akhala pamphasa patsogolo pathupa.

Mu 2009 anayambitsa kanyuzipepala kotchedwa Tamvani, kamene ankagulitsa pasiteshoni ya sitima ndi m'misika. Njala ya mu 2016 itavuta, ogula anatha, poti aliyense ankasaka madeya. Malemu sanataye mtima. Anasamutsira Tamvani pa Fesibuku ndi pa Watsapu. M'mawa uliwonse ankajambula mawu awo, m'Chichewa ndi m'Chiyao, kulengeza mauthenga a maliro kwaulere, kenako n'kuwerenga nkhani. Akabaza ankamvera pasiteji n'kutumizirana. Abale athu ogwira ntchito ku Joni ankadzukira pomwepo. Wobwera kudzamva za maliro ankatsalira kuti amvenso kumene kwafika chimanga, ndipo owatsatira anachuluka kuposa amene anagwirapo pepala lija.

Anali ndi lamulo limodzi losasintha: uthenga wa maliro uzinena chimene chatenga munthuyo, ngakhale chikhale njala.

Mu Okutobala 2024 analengeza kuti mayi awo a bambo Yoram a ku Kalembo amwalira atadya chitedze chosapsa bwino, chifukwa m'nyumba munalibe china. Tonse tikudziwa kuti kwathu kuno njala ya pakhomo sitiiulula kubwalo. Bambo Yoram anamva manyazi ndipo anawakalipira malemu pamsika, anthu akuona. Komabe uthengawo unayenda, ndipo akufuna kwabwino anatumiza chimanga kumudziko.

Pa 11 Januwale 2025 malemu anapalasa njinga kupita ku Kalembo kukapepesa. Analandiridwa ndi thobwa. Pobwerera anagwa pamsewu, nakomoka. Anatisiya pa 13 Januwale ali kuchipatala.

Anamfedwa, mafumu ndi atsogoleri a mipingo, tsopano tifike pamene pakutipweteka. Pamagulu a Watsapu omwe malemu anakhazikitsa pakuyenda mawu akuti m'thobwa lija munali mankhwala. Tamvanso kuti anyamata ena apangana kuti tikangochoka kumanda, akatenthe nyumba ya bambo Yoram. Bambo Yoramwo ali pano, akhala kumbuyo uko okhaokha.

Ife a banja tinatsutsana kwambiri ngati n'koyenera kunena zimene ndinene. Ena amati n'kudzivula pagulu. Mayi Gladys ndiwo anadula nkhani, kuti lamulo limene amuna awo anaikira maliro a ena ligwirenso ntchito pa maliro awo.

Malemu ankadwala shuga kuyambira mu 2019. Njala inalowanso m'nyumba mwawo, iwo n'kubisa. Gawo lawo la chakudya ankapatsa adzukulu, n'kumanama kuti adya kale kumsika, koma mankhwala ankamwa ndithu, m'mimba mulibe kanthu. Madokotala anatiuza kuti shuga anatsika mopitirira. Thobwa la kwa bambo Yoram silinawaphe, iyayi. Ndi chakudya chokha chimene anachilawa tsiku limenelo.

Choncho tikulengeza monga akanalengezera iwo eni: bambo Dyton Pitala amwalira ndi shuga ndi njala. Inu muli ndi mafoni m'manja, tumizani zimenezi, zifike kulikonse kumene bodza lija lafika, dzuwa lisanalowe.

Malemu asiya mkazi, ana atatu ndi adzukulu anayi. Mwana wawo Tasha apitiriza Tamvani mawa m'mawa. Tikuthokoza akabaza amene anawatola pamsewu, adzukulu okumba manda, amayi a mpingo, ndi abale athu achisilamu a ku Ntaja amene agona nafe pano.

Bambo Yoram, banja likupempha kuti mubwere kutsogolo, mugwire nawo bokosi.

Mzimu wa bambo Pitala uuse mumtendere.