Chipupa cha ba Clotilda

Pa siteshoni ya mabasi ku Chongwe, mayi wonyamula dengu la tomato ndi bambo wa chipewa ankawerenga chikwangwani cha ntchito yomanga makalasi.

"Bambo, apa alemba Clotilda. Kontilakita ni mzimayi?"

"Ni mzimayi, wa kwathu ku Bundabunda. Zaka seveni enze kutapila manzi omanga manyumba ku Silverest."

"Manje laisensi anaipeza bwanji?"

"Anayambila ku mayeso a zomanga. Amakupatsa njelwa, umange chipupa bakuyang'ana. Naine nenzeko tsiku lija."

"Ndiye?"

"Woyesa anaika levulo pa chipupa chao, aone ngati chaongoka. Kamanzi ka mu levulo kanaima pakati penipeni. Anati levulo yafa, anaitanitsa ina. Chimodzimodzi!"

"Mayo ine!"

"Mudziwe, vipupa va mayeso amavigwetsa, kuti njelwa zisewenze kwa ena. Changa anachigwetsa na mwendo chabe."

"Nanga chao?"

"Palibe anafuna kuchigwila. Chikaliko. Ophunzila atsopano amayamba kuima pamenepo, kuchiyang'ana."

"Imwe laisensi munaipeza?"

"Awe, amayi. Nabwela kuwelenga bwino dzina. Mailo niyenda kukapempha nchito yowatapila manzi."