Mavu a m'Tchalitchi ndi Oyilo wa Boti Langa

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye, muli bwanji nonse. Ndikufuna ndikuuzeni za nyengo imene ntchito yanga inatsala pang'ono kutha chifukwa cha oyilo wa injini.

Ine ndimayendetsa boti la alendo pa loji ina kufupi ndi Mfuwe. Ndi boti lothamanga, la injini yam'kati, ndipo limagwira ntchito nthawi ya dzinja yokha, mtsinje wa Luangwa ukadzaza. Misewu ikasanduka matope anzanga ambiri amabwerera kumudzi, koma ine ndimatsala chifukwa cha botilo. Chaka chimenecho kumudzi kunalibe chobwererako, poti munda wanga wa ku Nsefu njovu zinali zitandithandiza kukolola.

Titalitsitsira botilo m'madzi, injini inalira bwino. Ndikamayenda pang'onopang'ono zonse zinali m'malo mwake, koma ndikangoponda moto, muvi wa geji yoonetsa kutentha kwa oyilo unkakwera mpaka pofiira. Geji ya madzi inali phee, ndipo madzi oziziritsa injini ankatuluka kumbuyo monga mwa masiku onse. Woyendetsa boti aliyense amadziwa kuti oyilo akatentha choncho amasanduka ngati tiyi, ndipo injini imadzidya yokha. Pa mtsinje wa mvuu ndi ng'ona si pofera injini.

Ndinasintha oyilo, ndinasintha fyuluta, ndinasinthanso kampira ka pampu ya madzi. Ndinaikamo geji ina poganiza kuti yakaleyo ikunama, koma yatsopanoyo inanena zomwezo. Makaniko wathu wa ku Chipata ankandithandiza pa foni, poti msewu unali utaduka, ndipo ananena zoona kuti penapake madzi sakudutsa. Koma penapake ndi malo aakulu.

Tsiku lina a manijala anandiitana. Sanakalipe.

"A Tembo, ma guests afika pa Friday. Ngati boti siikhala bwino, tivala camp mpaka June."

Kuvala kumeneko kwathu kuno ndiko kutseka. Ndinayankha kuti ndamva bwana. Kunyumba sindinanene kanthu, koma mkazi wanga, amake Grace, anaona kuti ndiwo ndikuzisiya m'mbale. Ndinachita mantha, ndisakubisireni. Pemphero langa linali lalifupi: Ambuye, maso ndili nawo, ndionetseni poyang'ana.

Lamulungu ndinapita kutchalitchi thupi lokha, mutu uli mu injini. Mkulu wa mpingo amene ankalalikira tsikulo ndi munthu wabwino, koma akati "pomaliza" mumadziwa kuti ali pakati. Ndinakhala pafupi ndi zenera. Mafelemu a mazenera athu ndi a mapaipi achitsulo, ndipo paipi imodzi ndi yosatseka kumapeto. Ndinaona mavu aja omanga ndi dothi akubwera atanyamula timatope, kulowa m'paipimo, kutuluka, kubweranso. Ndinawayang'ana nthawi yaitali popanda kuganiza kanthu. Kenaka ndinakumbukira mapaipi a boti langa.

Kwathu kuno madzi akaphwa timakokera boti mu shedi. Timamasula mapaipi onse a madzi n'kuwasiya osatseka kukamwa kuti mchenga wa Luangwa usaumire m'kati. Ndi mmene tinaphunzirira, ndipo ndi nzeru yabwino. Mapaipiwo amakhala choncho chilimwe chonse, ndipo shedi yathu ili pafupi ndi mpope pamene pamakhala matope chaka chonse. Pobwezeretsa ndinangolumikiza ndi kumanga, monga ndimachitira zaka zonse.

Ulaliki ndinaudikira mpaka unatha, chifukwa amake Grace anali atandiyang'ana kale kawiri. Titaweruka ndinakwera njinga ndi zovala za kutchalitchi zomwezo. Pambali pa injini pali kachitsulo konga botolo, kamene madzi a mumtsinje amadutsamo kuti aziziritse oyilo. Kunja kwake ndinali nditakapukuta kambirimbiri, koma m'kati ndinali ndisanasuzumiremo. Nditamasula ndinapeza nyumba ya mavu, youma gwa ngati njerwa yootcha, itatseka timabowo tambiri n'kusiya tochepa. Timadzi todutsapo tinkakwanira poyenda pang'onopang'ono basi. Madzi ena onse ankalambalala kudzera njira ina, n'chifukwa chake kumbuyo ankatuluka bwino.

Ndinatokosa ndi waya, ndinatsuka, ndinamanga. Tinalowa pamtsinje ndi a manijala, ndipo ndinaponda moto kukwera mtunda mpaka pokhota paja pamakhala mvuu zambiri. Muvi unafika pakati n'kukhala pomwepo. A manijala anauyang'ana, anayang'ana malaya anga oyera amene anali atada ndi oyilo, n'kunena kuti, "Mwaswera bwanji, a Tembo?" Ndinati ndaswera bwino. Alendo anafika, ndipo dzinja lonselo kunyumba kwanga moto sunazime.

Ine sindinaone masomphenya, sindinamve mawu ochokera kumwamba. Ndinapempha poyang'ana, ndipo Mulungu anatuma kachilombo komweko kamene kanandiika m'mavuto kuti kandionetse ntchito yake ndili pabenchi. Ndikumuthokoza chifukwa cha chimenechi. Ndikuthokozanso makaniko uja amene sanatope nane pa foni.

Inu amene mwasintha zonse zimene mukuzidziwa koma muvi wanu ukadali pofiira, musaleke kupemphera, ndipo musaleke kubwera kunyumba ya Mulungu ngakhale mutu uli kwina. Iye amadziwa kukupezani pamene mwakhala.

Masiku ano tikamasula mapaipi timawamanga kukamwa ndi kansalu. Amayi a chigwirizano posesa m'tchalitchi anafuna kugumula nyumba ya mavu ija ya pazenera. Ndinawapempha kuti aisiye, ndipo mpaka lero ilipo.