Ndinagwa pa msewu wouma ndi chisanu

Moni omvera anzanga. Ndine mnyamata wa ku Mitundu, koma ndili kuno kunja, kudziko lozizira. Makolo anga anamwalira ndili wamng'ono, anandilera ndi agogo anga aakazi, ndipo lero amadalira ine.

Ntchito ndinaipeza yonyamula katundu m'nyumba yosungiramo zinthu, ndipo ndinkapitako pa njinga. Kwathu ndinkachita kabaza, choncho njinga sindinkaiopa. Tikafika pamatope timapalasa mwamphamvu kuti tisatitimire. Mmawa wina ndinaona msewu ukunyezimira, ndinayesa kuti ndi madzi chabe, ndipo ndinawonjezera liwiro. Anali madzi oundana, oterera ngati therere. Njinga inandithawa, ndinagwera dzanja lamanja, mkono n'kuthyoka pawiri.

Ndinagona pamenepo ndikuyang'ana magalimoto akudutsa. Kwathu bwenzi anthu atakhamukira kudzandidzutsa, ena akuseka, ena akulira. Kuno ndinadzuka ndekha.

Tsopano ndili ndi chikhakha, ndipo pantchito analowetsapo munthu wina. Ndimangokhala pawindo, kuonera anthu odziwa msewu wawo akuyenda pang'onopang'ono.

Dzulo agogo anaimba pa foni ya a neba. Anati, "Amuna angatu, mwandiiwala? Kapena mwapeza mkazi wina kumeneko? Mvulatu yayamba, feteleza tigula liti?" Anaseka, inenso ndinayesa kuseka. Ndinati, "Posachedwa, agogo."

Anzanga obwera kuno, msewu ukamanyezimira tsikani muziikoka njingayo. Agogo aimbanso Lamlungu, ndipo sindikudziwa chimene ndiwauze.