Nambala Yopendekeka

Pa siteji ya basi, mayi wina anayang'ana mpango wa timu umene bambo wachikulire anavala pakhosi.

"Nanunso mukutsatira atsikana a basiketibolo a ku koleji, bambo?"

"Chiyambire ndime ya chipulula."

"Mwana wanu ndi uti?"

"Ndilibemo mwana. Mpirawonso sindiudziwa, ndimangowomba m'manja anthu akawomba."

"Nanga mumakaonera chiyani?"

"Jezi ya nambala faifi, yopendekeka ija."

"Ija timaiseka ija? Telala wake anali atamwa ndithu."

"Ankadwala, mayi. Ndi malemu mkazi wanga. Ndiyo yomaliza imene anasoka."

"Pepani, bambo, pakamwa pangapa."

"Palibe kanthu. Akagonja lero, basi, chaka chamawa akuti agula majezi atsopano. Tiyeni tikwere, ndikapeze mpando woonera bwino misana yawo."